Zimene Ndinaona M'mapanga a Chongoni

Nkhani iyi inayamba ndi pepala lokulungira zitumbuwa. Tsiku lina m'mawa, tili pakati pa phunziro m'kalasi langa la Sitandade 7 kuno ku Mulanje, mnyamata wina wokhala kumbuyo anaimika dzanja, nabwera nalo pepalalo kutsogolo. Linali tsamba la kalendala yakale. Pakati pa madontho a mafuta panali kuoneka mzere wa ziboliboli za miyala, zazitali kuposa nyumba, za mphuno zosongoka ndi milomo yotseka, zitaima chilili mofulatira nyanja.

"Aphunzitsi, kodi awa ndi ayani? Nanga anawasema ndani?"

Ndagwira choko zaka zoposa 30, ndipo ndinaphunzira kalekale kuti funso lotere suliyankha mothamanga. Ndinamuuza mwanayo kuti asunge pepala lake bwino, tidzakambirana Lolemba. Loweruka lonse ndinalithera m'mabuku. Zimene ndinawauza anawo Lolembalo ndiyamba ndakuuzani inunso, owerenga okondedwa, pakuti ndizo zinandiika pa ulendo umene ndifuna kukusimbirani.

Chilumba cha kutali

Ziboliboli zija zili pa chilumba chimene eni ake amachitcha Rapa Nui. Pa mapu ambiri chimalembedwa kuti Easter Island, ndiye kuti chilumba cha Pasaka, chifukwa Mzungu woyamba kuchiona, Jacob Roggeveen wa ku Holland, anafikako pa tsiku la Pasaka, pa 5 Epulo 1722. Chili pakati pa nyanja yaikulu ya Pacific, ndipo chimalamulidwa ndi dziko la Chile kuyambira 1888, ngakhale kuti kuchokera ku gombe la Chile kukafika kumeneko pali makilomita oposa 3,500. Anansi ake apafupi, okhala pa chilumba cha Pitcairn, ali pa mtunda wa makilomita ngati 2,000. Ndinawauza anawo kuti ayerekeze munthu amene mnansi wake wokapalako moto ali kutali kuposa ku Joni, ndipo pakati pawo pali madzi okhaokha. Chilumbacho n'chaching'ono: chikhoza kulowa m'phiri lathu la Mulanje pafupifupi kanayi.

Makolo a anthu a kumeneko anafika pa mabwato zaka ngati 800 zapitazo, akulondola nyenyezi, mphepo ndi mafunde. Ankalima mbatata, nthochi ndi nzimbe, naweta nkhuku. Analibe chitsulo, analibe ng'ombe kapena ngolo. Komatu anasema ziboliboli pafupifupi 1,000, zimene amazitcha moai, pogwiritsa ntchito miyala yolimba ngati sompho. Zambiri anazisemera pa phiri limodzi lotchedwa Rano Raraku, kumene mpaka lero kuli zina mazanamazana, zina zitaimirira, zina zili chigonere m'thanthwe, zosatha kusema. Chiboliboli wamba n'chotalika mamita 4 ndipo chimalemera matani ngati 12. Chachikulu koposa mwa zimene anakhoza kuziimika, chotchedwa Paro, n'chotalika pafupifupi mamita 10. Zinali nkhope za makolo ndi mafumu amene anamwalira, ndipo zambiri anaziimika mofulatira nyanja, zikuyang'ana kumudzi, ngati agogo okhala pakhonde kuyang'anira adzukulu pabwalo.

Alendo akafunsa kuti miyala yolemera chotere inachoka bwanji ku phiri kukafika ku gombe, nkhalamba za pachilumbapo zinkayankha kuti inayenda yokha. Ophunzira ambiri ankangoseka. Koma m'chaka cha 2011 akatswiri awiri, Terry Hunt ndi Carl Lipo, anapanga chiboliboli chofanana ndi moai cholemera matani oposa 4, nachimanga zingwe zitatu kumutu. Anthu 18 okha, ena akukoka uku ena uko, anachipendeketsa mbali iyi ndi mbali iyo, ndipo chinayamba kusendera kutsogolo chili choimirira, monga momwe timasunthira mgolo wodzaza madzi. Pamenepa ana anga anaomba m'manja. Ndithu mawu a akulu akoma akagonera.

Chimene chinandigwira mtima ine si miyalayo ayi, koma timatabwa. Anthu a pa Rapa Nui anali ndi zolemba zawozawo zotchedwa rongorongo, zizindikiro za mbalame, nsomba, zomera ndi anthu, zozokotedwa m'mizere pa matabwa. Mu Disembala 1862 zombo zochokera ku Peru zinayamba kugwira anthu pachilumbapo kupita nawo ku ukapolo, ndipo onse otengedwa anakwana ngati 1,500. Pakati pawo panali mafumu ndi anthu odziwa miyambo. Owerengeka amene anabwerera anadza ndi nthomba. Pofika 1877 pachilumba chonse panatsala anthu 111 okha. Mmishonale wina, Eugène Eyraud, anaona timatabwato m'nyumba zambiri mu 1864, koma patangopita zaka zochepa panalibenso wotha kutiwerenga. Totsala tilipo toposa 20, tosungidwa bwino m'maiko osiyanasiyana, ndipo mpaka lero palibe munthu pa dziko lapansi amene watulukira chimene timanena. Mtundu wa anthuwo sunathe. Zidzukulu za anthu 111 aja zilipo zikwi zingapo, ndipo zili kulimbikira kuti chinenero chawo chisamezedwe ndi Chisipanishi. Koma mawu a pa timatabwa anapita ndi eni ake.

Ana a ku Mulanje safunika kuwafotokozera nthawi yaitali za ukapolo. M'zaka zomwezo misululu ya akapolo inali kudutsa pa mpata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi kulowera ku nyanja yamchere, pamalo pomwe Angerezi anadzamangapo linga la Fort Lister mu 1893.

Funso lachiwiri

Nditatha kufotokoza, mnyamata yemwe uja anaimikanso dzanja.

"Aphunzitsi, nanga makolo athu kuno anasiya chiyani? Kapena iwo sankadziwa kanthu?"

Ndinayankha monga mwa buku. Ndinati ku Dedza, m'mapiri a Chongoni, kuli mapanga 127 okhala ndi zojambula za makolo, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa malo amene dziko lonse lapansi liyenera kuwasunga, kaundula yemweyo amene Rapa Nui inalowamo mu 1995. Anawo analemba m'makope. Koma mwana wina wamkazi anafunsa ngati ine ndinakaonako, ndipo ndinachita manyazi. Zaka zonsezi ndakhala ndikulemba dzina la Chongoni pa bolodi, ndikulifunsa pa mayeso, ndikuchonga mayankho, chonsecho phazi langa losapondako.

Mwayi unapezeka m'nyengo yachisanu, pamene ndinatumidwa ku msonkhano wa akulu a mpingo pa malo ophunzitsirapo akhristu a Namoni Katengeza, a Sinodi ya Nkhoma, amene ali m'tsinde mwenimweni mwa Chongoni. Ndinapempha kuti msonkhano ukatha nditsale masiku awiri.

Za ulendo sindichulukitsa. Ndinadzera msewu wa Midima kukafika ku Limbe, kenaka basi ya ku Lilongwe kudzera pa Zalewa ndi Ntcheu. Kupitirira Ntcheu msewu umayenda m'malire, kotero kuti pa Lizulu mayi wogulitsa kachewere mbali iyi ali m'Malawi, mnzake wa kabichi tsidya la msewu ali ku Mozambique. Chimene sindinakonzekere ndicho chisanu. Ife a ku Mulanje timadzitama ndi chiperoni, koma mphepo ya ku Dedza mu Julayi imalowa m'mafupa ngati singano. Jekete limene mayi a kunyumba anandikakamiza kunyamula ndinalithokoza usiku uliwonse.

Pa Chentcherere

Ndinapita ndi mnyamata wa m'mudzi wapafupi amene amaperekeza alendo. Tinadutsa m'nkhalango ya paini, kenaka m'tchire la misuku ndi mitengo ya tsamba, mpaka tinafika pa phiri laling'ono la miyala ikuluikulu yosanjikizana. Mwala wina unapendekeka ngati khonde la nyumba, pansi pake pouma, pokwana anthu makumi angapo atakhala pansi. Pamenepa ndiye pa Mwana wa Chentcherere.

Kunena zoona, poyamba ndinakhumudwa. Maso anga anali atadzaza ziboliboli za pa kalendala, ndipo ndinayembekeza chinthu chododometsa. Ndinaona khoma lamwala lothimbirira ndi zinthu zoyera ngati mwana wapaka phala. Mnyamatayo anangoti, "Bambo, takhalani pansi kaye, maso azolowere." Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nditakhala kanthawi, khomalo linayamba kutseguka.

Pali zojambula za mitundu iwiri, ndipo zina zili pamwamba pa zinzake. Zapansi, zakale koposa, n'zofiira ngati katondo. Si zithunzi za nyama kapena za anthu zoti ungaziloze n'kunena kuti ichi n'chakuti. Ndi mizere yoyandikana, timadontho, zozungulira, zina zokhala ndi timizere totuluka ngati dzuwa. Izi zinajambulidwa ndi Akafula, amene ena amawatcha Abatwa, anthu amene ankakhala m'dziko lino alimi asanafike, akudya nyama za m'tchire, uchi, zipatso ndi mizu. J. Desmond Clark anakumba pansi pa phanga lomweli mu 1972, ndipo pambuyo pake ana a dziko lino monga Gadi Mgomezulu ndi Yusuf Juwayeyi anapitiriza kufufuza za m'derali. Zida za miyala zimene zinapezeka zimaonetsa kuti anthu anali kukhala m'mapangawa zaka zoposa 2,000 zapitazo. Alimi osula zitsulo atafika, Akafula sanathe nthawi yomweyo. Anakhala moyandikana nawo zaka mazanamazana, mpaka anasungunuka pakati pa mitundu ina.

Ndani mwa ife sanamvepo za anthu aafupi aja? Ine ndinakula ndi nthano yawo kuno ku Mulanje. Ankati ukakumana naye m'phiri amakufunsa kuti, "Mwandionera pati?" Ukati wamuonera pafupi pomwepa, wadziputira mkondo, ukati wamuonera kutali uko, amakondwa kuti ndi wamtali, nakuleka upite. Tinkaseka pamoto, osadziwa kuti tili kuseka anthu enieni, amene anali ndi ana awo, maliro awo ndi mapemphero awo. Tsopano ndinali nditaima pamene mmodzi wa iwo anaima, ndikuona mzere umene chala chake chinakoka. Akatswiri amaganiza kuti zizindikiro zofiirazi zinali kukhudza mvula ndi kubereka, ndipo ali ndi zifukwa zabwino zoganizira chotero. Koma Mkafula woti n'kumufunsa palibe. Ndinakumbukira timatabwa ta pa Rapa Nui. Nafenso tili nayo rongorongo yathu.

Zapamwamba n'zoyera, zopakidwa ndi chala, utoto wake dothi loyera losungunula m'madzi. Izi n'za Achewa, ndipo zina n'za m'zaka za m'ma 1900 zomwezi. Zambiri zili ngati nyama yoionera kumwamba, miyendo inayi itatambasuka, mchira kumbuyo, monga chikopa chokhomedwa pansi kuti chiume. Wina anganene kuti ndi buluzi, wina ng'ona, wina nanzikambe. Zina zili ndi madontho pamsana, zina n'zazitali ngati njoka. Ofufuza, makamaka mayi Leslie Zubieta amene anakhala nthawi yaitali akucheza ndi amayi achikulire za phanga lomweli, anapeza kuti zojambulazi zinali za chinamwali cha atsikana, ndipo ozijambula anali amayi.

Nditamva zimenezi ndinayang'ananso malowo ndi maso a ntchito yanga, ndipo ndinawazindikira. Iyi inali sukulu. Khoma lija ndilo bolodi, dothi loyera ndilo choko. Pansi pouma paja ndi pamene ankakhala ophunzira, namkungwi ataima apa pamene ndaima ine. Mphunzitsi aliyense amadziwa kuti mwana amaiwala chimene wangomva, koma chimene waona ndi maso, nachiimbira nyimbo, chimakhala. Amayi aja, osapita ku koleji ya aphunzitsi, anali kuidziwa njira imeneyi. Chithunzi chilichonse chinali chokolekapo mwambo: za ulemu, za ukhondo, za kusunga banja, za kulera mwana. Ndiponso anasankha malo obisika, opanda phokoso, oti mwana sangacheukire kwina. Ine amene ndimaphunzitsa ana ochuluka m'chipinda choyang'ana kumsewu ndinawasirira.

Tili pomwepo panadutsa mayi wina wokalamba atasenza nkhuni. Anatula mtolo kuti apume, ndipo titalonjerana ndinamufunsa mwaulemu.

"Agogo, kodi chinyama ichi chili ndi madontho pamsanachi chimatanthauzanji?"

Anaseka mpaka kugwira pakamwa. "Bambo inu, mwachokera kuti kodi? Zimenezo n'za amayi. Mwamuna safunsa."

Ndinapepesa, ndipo ndinati ndine mlendo wa ku Mulanje. Atamanga bwino nkhata yake anawonjeza mawu amene sindinawaiwale: "Inu mwafunsa osayenera kufunsa. Oyenera kufunsa ndili nawo kunyumba atatu, adzukulu anga. Palibe ndi mmodzi yemwe anandifunsapo."

Sanandiuze tanthauzo, ndipo anachita bwino. Koma taonani kusiyana kwake. Zofiira zija zinatsekeka, kiyi wake anatayika. Zoyerazi kiyi wake alipo, ali m'mitu ya amayi osenza nkhuni ngati ameneyu, ndipo chaka chilichonse ena mwa iwo tikuwaperekeza kumanda.

Pali chinanso chimene ndiyenera kunena, ngakhale chikundiwawa chifukwa chikukhudza ana a sukulu. Pamwamba pa zofiira ndi zoyera pali mtundu wachitatu wa zolemba: maina a anthu, olembedwa ndi makala ndi choko, ena ochita kukanda ndi mwala. Wakuti anafika pano. Wakuti akonda wakuti. Zilembo zake n'zowongoka bwino, zooneka kuti mwini wake anadutsa m'manja mwa mphunzitsi. Ndinaima pamenepo ndikudzifunsa kuti, kodi si ife tinawaphunzitsa kugwira choko ana amenewa? Tinawaphunzitsa kulemba dzina lawo, koma sitinawauze kuti khoma ili lili kale ndi mwini. Inu achinyamata, chojambula chimene chapirira mvula ndi dzuwa zaka mazanamazana chikhoza kufa ndi khala limodzi pa mphindi imodzi, ndipo ngakhale kuchikhudza ndi dzanja la thukuta kapena kuchiwaza madzi kuti chioneke bwino pa foni kumachiononga. Dzina lanu likalembedwe pa satifiketi.

Ku Namzeze

Tsiku lachiwiri tinakwera ku Namzeze. Njira yake ndi yokwera ndithu, ndipo mawondo a munthu wa zaka zanga anadandaula, ngakhale ndine mwana wa m'phiri. Phanga lake ndi lalikulu, loyang'ana chigwa chokongola. Kumeneko, pambali pa zofiira za Akafula, kuli zoyera za mtundu wina: zilombo za Nyau. Ndinazindikira kasiyamaliro ndi nyanga zake, ndi zinyama zina zokhala ndi miyendo ya anthu pansi pake, kusonyeza kuti wojambulayo sanali kujambula nyama ya m'tchire koma chilombo cha pabwalo. Pali ngakhale chithunzi cha galimoto, umboni woti dzanja limene linachipaka linali la munthu wa masiku a agogo athu.

Benjamin Smith, amene anafufuza kwambiri zojambulazi, anafotokoza kuti zambiri za Nyau zinapakidwa m'nyengo imene guleyu anali kuponderezedwa, poyamba ndi Angoni atafika m'dera la Dedza m'zaka za m'ma 1800, kenaka ndi amishoni ndi boma la atsamunda. Zimene sakanatha kuchita poyera anaziika pa mwala, kuti anyamata asaiwale maonekedwe ake.

Pano ndiyenera kulankhula monga mkulu wa mpingo, pakuti mnzanga wina ku msonkhano kuja, atamva kumene ndinali kupita, anandifunsa kuti, "Akulu, kodi mukukafunako chiyani ku zinthu za kudambwe?" Funso lake silinali lopusa. Mpingo wathu ndi Nyau anakokana kuyambira pamene mishoni ya Nkhoma inakhazikika mu 1896, ndipo akhristu oyamba a m'dera limenelo ena anavutika chifukwa cha chisankho chawo. Ine sindinapite kukavinidwa, ndipo chimene ndimakhulupirira sichinasunthe. M'chinamwali chakale munalinso zina zimene sindingafune kuti mwana wanga wamkazi aphunzitsidwe, ndipo Chilangizo cha mpingo chinabwera pa chifukwa. Koma kuyang'ana chithunzi si kuchigwadira. Munthu amene afuna kumvetsa chimene agogo ake anasiya pamene analowa kalasi ya ubatizo ayenera kudziwa chimene chinalipo. Tikafafaniza khoma lija, ana athu adzayesa kuti makolo awo anali anthu opanda nzeru, opanda sukulu, opanda chowawa pamtima, ongokhala kudikira sitima ya Azungu. Limenelo ndi bodza, ndipo ndi bodza lomwelo limene linali m'funso la mnyamata wanga uja.

Tili kutsika ndinaona zitsa zambiri ndi utsi wa uvuni wa makala patali. Mitengo ikatha mozungulira phanga, dzuwa ndi mvula zimafika pakhoma, ndipo moto wolusa umadetsa mwala ndi mwaye. Osamalira malowa alipo, koma mapanga 127 omwazikana m'mapiri sangalonderedwe ndi anthu owerengeka ngati eni mudzi sawayesa awo.

Kubwerera kwathu

M'basi pobwerera ndinali kulingalira za kwathu. Mu Julayi 2025 phiri la Mulanje nalo linalowa m'kaundula wa UNESCO uja, kukhala malo achitatu a dziko lino pambuyo pa paki ya Nyanja ya Malawi mu 1984 ndi Chongoni mu 2006. Silinalowe chifukwa cha kutalika kwa Sapitwa, mamita 3,002, kapena chifukwa cha mkungudza wokha. Linalowa chifukwa cha zimene Amang'anja, Ayao ndi Alomwe akhala akukhulupirira ndi kuchita pa phirili: malo opatulika, maiwe monga Dziwe la Nkhalamba, miyambo ndi nthano. Tsono zimenezi sizinasemedwe pa mwala ngati moai, sizinapakidwe pakhoma ngati za ku Chongoni. Zili m'kamwa mwa anthu basi.

Ndipo m'kamwa mwa anthu ndimo mwayamba kale kuuma. Agogo anga, amene anachokera ku Mozambique kudzagwira ntchito m'minda ya tiyi, ankalankhula Chilomwe chokhachokha. Bambo anga ankachilankhula ndi akulu anzawo, koma ife ankatiyankhula m'Chichewa. Ine ndimamva pang'ono, kuyankha ndimapunthwa. Ana anga amadziwa moni yekha. Ku Rapa Nui zinatengera zombo ndi nthomba kuti chingwe chiduke. M'banja mwathu sichinabwere chombo chilichonse. Tinangokhala chete pa mibadwo itatu.

Lolemba lotsatira ndinasimbira ana anga zonse, ndipo ndinawapatsa ntchito yokachitira kunyumba: aliyense akafunse munthu wokalamba koposa m'mudzi mwawo za mwala umodzi, dziwe limodzi kapena chitunda chimodzi chokhala ndi dzina, nalembe chimene auzidwa. Ena anabwera ndi masamba awiri odzaza. Ena anati agogo anawathamangitsa poyesa kuti akuwaseka. Mtsikana wina anabwera ndi pepala loyera, nati agogo ake onse awiri anapita ndi madzi a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023.

Popeza mphunzitsi sapereka ntchito imene iye mwini sangaigwire, Loweruka ndinatenga kope ndi paketi ya shuga kupita kwa azakhali anga, mlongo wa malemu bambo, amene atsala okha mwa mbadwo wawo. Amakhala kumudzi kwathu m'tsinde mwa phiri. Ndinawapeza akuwotha dzuwa pa mkeka.

"Azakhali, ndabwera kudzafunsa za kale."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mwana wa achimwene, wadikira kuti mano athe m'kamwa ndiye uzidzafunsa?"

Komabe analankhula, Chichewa chosakaniza ndi Chilomwe, ine ndikulemba mothamanga. Anandiuza za chakudya chimene munthu ankachipeza m'phiri chili chophikaphika, chimene unkayenera kudya wekha osaitana mnzako. Anatchula maina a mitsinje ing'onoing'ono itatu imene ine ndimangoitcha kuti khwawa, natanthauzira dzina lililonse. Lachinayi analifunafuna, nati lawathawa. Kenaka analoza ndi ndodo yawo chimwala chachikulu chimene chili pakati pa munda kuseri kwa nyumba, chimene ndinkakwerapo ndili mwana, chimene amayi amayanikapo ufa ndi chigwada.

"Uja mwala ukuudziwa?"

Ndinati ndikuudziwa kuyambira ubwana wanga.

"Sukuudziwa. Sunali pamenepo. Unabwera usiku umodzi ndili kamtsikana, pamene anadutsa Napolo. Uwo uli apowo, ndi winawo kumunsi, inabwera limodzi. Tayang'ana mmene yandandalikira."

Ndinaimirira ndi kuyang'ana. Zaka zonsezi ndinali kuona miyala yomwazikana chabe. Tsopano ndinaona mzere, wochokera pa mpata wa phiri, kutsika m'munda mwathu, kulowera kumsewu. Anthu a sayansi amati Napolo ndi nthaka ya m'phiri imene yakhuta mvula, nigumuka pamodzi ndi miyala ndi mitengo, monga zinachitikira ku Phalombe mu Malichi 1991, ndipo amati madzi otere amakonda kubwerera m'njira yawo yakale. Azakhali sadziwa mawu a sayansi. Anangoti akuluakulu a nthawi imeneyo analetsa kumanga nyumba m'njira ya miyalayo, ndipo kwa zaka zambiri munali kulimidwa chinangwa chokha.

"Nanga bwanji simunatiuze, azakhali?"

"Anandifunsa ndani?"

Kumunsi kwa mwala wachitatu, m'kati mwenimweni mwa mzere uja, muli nyumba zisanu zamalata zimene zamangidwa zaka zaposachedwapa. Pambali pake pali maziko atsopano, njerwa zitaunjikidwa kale, mchenga utathiridwa. Ndi a mwana wanga wachisamba, amene ali ku Joni, ndipo malowo ndinamusankhira ndine chaka chatha chifukwa ali pafupi ndi msewu.

Usiku umenewo ndinamuimbira foni. M'mawa mwake ndinabwereka wilibala, ndipo ine ndi adzukulu a azakhali tinayamba kututa njerwa kupita nazo kumtunda, kuseri kwa mitengo ya mango, kumene ndodo ya azakhali inaloza.